Paragorgia arborea

Paragorgia arborea ndi mtundu wa korali wofewa amene amamera pansi pa nyanja zikuluzikulu za mchere, m'madzi ozizira komanso akuya kumene kuwala kwa dzuwa sikufika. Amapezeka kwambiri pa kuya kwa mamita 200 mpaka 1,300. Ndi mmodzi mwa makorali aatali kwambiri a m'madzi akuya, ndipo ena amafika mamita 6. Munthu akamuona pa chithunzi angaganize kuti ndi mtengo wopanda masamba, koma si chomera. Ndi gulu la tinyama ting'onoting'ono tambirimbiri totchedwa mapolipi, tomwe timakhala tolumikizana m'thupi limodzi.

M'Chingelezi amatchedwa bubblegum coral chifukwa kunsonga kwa nthambi zake kumakhala timibulu tofanana ndi chingamu chotafunidwa kale. Ku Norway amamutcha sjøtre, kutanthauza mtengo wa m'nyanja. Ngakhale kuti ndi wamkulu komanso wooneka bwino, kumuzindikira motsimikiza n'kovuta. Pali mitundu ina ya Paragorgia yofanana naye kwambiri, moti akatswiri amafunika kuyang'ana tizidutswa ta m'thupi mwake pa maikulosikopu, ndipo nthawi zina kuyeza DNA, kuti adziwe mtundu weniweni.

Dzina ndi gulu lake

Munthu woyamba kupereka dzina la sayansi kwa korali ameneyu anali Carl Linnaeus wa ku Sweden. Mu 1758, m'buku lake lotchedwa Systema Naturae, anamulemba ndi dzina loti Alcyonium arboreum. Mawu oti arboreum ndi a Chilatini ndipo amatanthauza chinthu chonga mtengo. Mu 1857, katswiri wa ku France Henri Milne Edwards anakhazikitsa gulu latsopano la Paragorgia, ndipo dzina linasintha kukhala Paragorgia arborea, lomwe likugwiritsidwa ntchito mpaka lero.

Korali ameneyu ali m'gulu lalikulu la nyama lotchedwa Cnidaria, momwe mulinso ma jellyfish. Nyama zonse za m'gululi zili ndi timaselo toluma tomwe zimagwirira chakudya ndi kudzitetezera. Mkati mwa Cnidaria, iye ali m'gulu la Octocorallia. Dzinali limachokera ku liwu lotanthauza nambala 8, chifukwa polipi aliyense wodya amakhala ndi timanja 8 tozungulira pakamwa pake. Makorali olimba, amene amamanga matanthwe m'madzi ofunda, ali m'gulu lina lomwe timanja take timabwera mu 6 kapena 12 kapena kuposa pamenepo. Makorali a Octocorallia ambiri amatchedwa ofewa chifukwa samanga chikho cha mwala chozungulira polipi aliyense ngati mmene amachitira olimba aja.

Kwa zaka zoposa 100, Paragorgia ankaikidwa m'banja la Paragorgiidae, lomwe Willy Kükenthal wa ku Germany analitchula mu 1916. Mu 2022, Catherine McFadden, Leen van Ofwegen ndi Andrea Quattrini anasanjanso gulu lonse la Octocorallia potengera DNA. M'kasanjidwe katsopanoka Paragorgia analowa m'banja la Coralliidae, limodzi ndi korali wofiira wa m'nyanja ya Mediterranean wotchedwa Corallium rubrum, amene anthu amapangira mikanda ndi ndolo. N'chifukwa chake mabuku akale ndi atsopano amatchula mabanja osiyana pa korali mmodzimodziyo.

Maonekedwe

Korali wamkulu amakhala ndi tsinde lomata pamwala, thunthu lonenepa, ndi nthambi zogawanika mosatsata dongosolo lenileni. Pa akuluakulu, thunthu limatha kunenepa kuposa ntchafu ya munthu. Nthambi zambiri zimayala mbali imodzi ngati chokupizira mphepo, ndipo chokupiziracho chimapindikira kutsogolo ngati lichero, n'kuyang'ana kumene madzi akuchokera. Kapangidwe kotere kamathandiza kuti madzi ambiri odutsa akhudze mapolipi. Kumalo kumene madzi amasinthasintha mbali, korali amamera ngati chitsamba.

Mtundu wake umasiyanasiyana. Ena amakhala ofiira, ena ofiirira motuwa ngati mnofu wa nsomba ya salmon, ena oyera. Makorali a mitundu yosiyanayi amatha kumera moyandikana pamalo amodzi.

Pali mapolipi a mitundu iwiri. Oyamba ndi akuluakulu, otchedwa autozooid. Awa ndi amene ali ndi timanja 8, ndipo kadzanja kalikonse kali ndi timphanda m'mbali zonse ziwiri ngati nthenga ya mbalame. Ntchito yawo ndi kugwira chakudya. Amaunjikana m'timibulu ta kunsonga ndi ta m'mbali mwa nthambi. Akatambasula timanja, korali amaoneka waubweya ngati mtengo wochita maluwa. Akasokonezedwa amalowa mkati, ndipo pamatsala timibulu tosalala tokhala ndi timabowo tooneka ngati nyenyezi. Achiwiri ndi ang'onoang'ono kwambiri, otchedwa siphonozooid. Alibe timanja, ndipo amaoneka ngati timadontho pakhungu la nthambi. Amathandiza kuyendetsa madzi m'thupi la korali, komanso ndi momwe mumakhala mazira ndi mbewu yaumuna.

Nthambi ikadulidwa pakati, pamaoneka zigawo ziwiri. Kunja kuli khungu lokhala ndi mapolipi. Mkati muli chigawo chonga siponji chokhala ndi timipaipi todutsa m'litali mwa nthambi. Mulibe fupa lolimba la pakati. M'malo mwake thupi lonse limachirikizidwa ndi timinga tosawerengeka ta laimu totchedwa sclerite, tomwe tapanikizana pamodzi koma sitinasungunukirane kukhala mwala umodzi. Pa chifukwa chimenechi nthambi zimathyoka msanga, ndipo zikauma zimakhala zopepuka komanso zofumbutuka.

Kumene amapezeka

Kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, Paragorgia arborea amapezeka m'mbali mwa Norway, Iceland, zilumba za Faroe, Greenland, kum'mawa kwa Canada ndi kumpoto chakum'mawa kwa United States. M'mafjord a ku Norway, monga Trondheimsfjord, madzi ozizira amafika pafupi ndi pamwamba, choncho korali amamera pamalo osaya kwambiri kusiyana ndi kunyanja yaikulu. Kufupi ndi Nova Scotia ku Canada, amachuluka mu Northeast Channel, womwe ndi mpata wakuya pakati pa Georges Bank ndi Browns Bank, komanso m'chigwa cha pansi pa nyanja chotchedwa The Gully.

Kummwera kwa dziko lapansi amapezeka mozungulira New Zealand, kummwera kwa Atlantic ndi kufupi ndi zilumba za Crozet kummwera kwa nyanja ya Indian. Makorali ofanana naye a kumpoto kwa Pacific, kuyambira ku Japan kudutsa zilumba za Aleutian mpaka ku California, akhala akulembedwanso ndi dzina lomweli kwa nthawi yaitali, ngakhale kuti tsopano ambiri amawaika mu mtundu wina, monga momwe zafotokozedwera m'munsimu. Chochititsa chidwi n'chakuti amapezeka kumpoto ndi kummwera kwa dziko, koma sapezekapezeka m'madera otentha a pakati.

Kulikonse kumene ali amafuna zinthu zitatu. Choyamba ndi mwala wolimba womatapo, monga thanthwe kapena mwala waukulu wosiyidwa ndi madzi oundana akale, chifukwa pamatope sangaime. Chachiwiri ndi madzi ozizira, kawirikawiri a madigiri 3 mpaka 8 pa sikelo ya Celsius. Chachitatu ndi madzi oyenda mwamphamvu omwe amabweretsa chakudya ndi kuchotsa fumbi pamapolipi. Zinthu zimenezi zimapezeka pamodzi m'makoma a zigwa za pansi pa nyanja, pamapiri a pansi pa nyanja, ndi pamalo pamene nthaka ya kontinenti imayamba kutsetserekera kwakuya.

Kadyedwe ndi kakulidwe

Makorali ambiri a m'madzi ofunda amakhala ndi ndere zazing'ono m'maselo awo, zomwe zimawapangira chakudya pogwiritsa ntchito dzuwa. Paragorgia arborea alibe ndere zotere. Kupyola mamita 200 kuwala kumachepa kwambiri moti zomera sizingapange chakudya, ndipo kupyola mamita 1,000 kumakhala mdima wokhawokha. Choncho iye amadalira zimene madzi abweretsa. Amadya tizidutswa ta zomera ndi tinyama takufa tomwe timagwa kuchokera pamwamba pa nyanja, komanso tinyama tamoyo toyandama m'madzi. Chakudya chimene polipi mmodzi wagwira chimatha kufika ku ziwalo zina za korali kudzera m'timipaipi ta mkati.

Chifukwa cha kuzizira ndi kuchepa kwa chakudya, amakula pang'onopang'ono. Kuyeza zaka zake n'kovuta kusiyana ndi makorali ena, chifukwa mkati mwake mulibe mizere ya zaka ngati ya m'thunthu la mtengo. Njira imodzi imene akatswiri amagwiritsa ntchito ndi kuyeza kaboni-14. Mabomba a nyukiliya omwe anayesedwa m'ma 1950 ndi m'ma 1960 anachulukitsa kaboni ameneyu mumlengalenga ndi m'nyanja, ndipo chizindikiro chake chinatsala m'matupi a zamoyo zomwe zinkakula nthawi imeneyo. Mu 2009, Owen Sherwood ndi Evan Edinger anagwiritsa ntchito njirayi pa makorali a kufupi ndi Newfoundland ndi Labrador, ndipo anapeza kuti Paragorgia arborea amatalika ndi masentimita pafupifupi 1.6 pachaka. Zoyeza zina zimasonyeza pafupifupi sentimita imodzi pachaka. Pa liwiro lotere, korali wa mamita 3 amakhala atatenga zaka zoposa 150 kuti afike pamenepo.

Akatswiri a bungwe la MBARI ku California anaonetsanso mu 2020 kuti Paragorgia wa m'nyanja ya kumeneko amatulutsa kuwala akakhudzidwa.

Mmene amamuzindikirira

Kuzindikira korali wa m'madzi akuya kumachitika m'magawo atatu: kuona korali yense, kuona timinga take pa maikulosikopu, ndi kuyeza DNA. Gawo lililonse limayankha funso lina, ndipo lililonse lili ndi malire ake.

Gawo loyamba limachitika nthawi zambiri pa kanema. Kawirikawiri munthu sangasambire kufika kumene korali ameneyu amakhala, chifukwa pa mamita 10 alionse otsika kulemera kwa madzi kumawonjezeka ndi mlingo wofanana ndi kulemera kwa mpweya wa pamtunda. Pa mamita 1,000 kumakhala kochuluka pafupifupi ka 100. Choncho akatswiri amatsitsa makina opanda munthu otchedwa ROV, okhala ndi makamera, magetsi ndi mikono yodulira, omwe amawayendetsa ali m'sitima pamwamba. Makinawa amawalitsa timadontho tiwiri ta leza totalikirana mtunda wodziwika, kuti woonera athe kuyeza kukula kwa korali. Zitsanzo zina zimabwera mwangozi m'makoka ndi m'mbedza za asodzi.

Pa gawoli woyang'ana amafunsa mafunso angapo. Kodi mapolipi ali ndi timanja 8 tokhala ndi timphanda? Ngati ndi choncho, ndi wa Octocorallia. Kodi nthambi ndi zonenepa, zothera ndi timibulu? Kodi mapolipi aunjikana m'timibulumo m'malo mofalikira mofanana paliponse? Kodi pakati pa mapolipi akuluakulu pali timadontho ta mapolipi ang'onoang'ono? Ngati chitsanzo chili m'manja, kodi nthambi ikuthyoka mosavuta n'kuonetsa mkati monga siponji? Mayankho onse akakhala inde, korali ameneyo ndi wa gulu la Paragorgia.

Mafunso amenewa amathandiza kumusiyanitsa ndi makorali ena omwe amamera naye limodzi kapena ofanana naye:

Primnoa resedaeformis amapezeka pamalo amodzi ndi Paragorgia ku Norway ndi ku Canada. Ndi wamfupi, wooneka ngati chitsamba, ndipo mapolipi ake ndi okutidwa ndi mamba. Mkati mwake muli fupa lolimba lokhala ndi mizere ya zaka.

Desmophyllum pertusum, amene kale ankatchedwa Lophelia pertusa, ndi korali wolimba. Polipi aliyense amakhala m'chikho cha mwala, ndipo timanja take tilibe timphanda.

Corallium ndi abale ake apafupi, Hemicorallium ndi Pleurocorallium, ali ndi mapolipi a mitundu iwiri ngati Paragorgia, koma pakati pa nthambi pali mwala umodzi wolimba. Ndi mwala umenewu womwe umasemedwa n'kukhala mikanda. Paragorgia alibe.

Sibogagorgia ndi wachibale wapafupi kwambiri, koma mapolipi ake amafalikira panthambi yonse m'malo mounjikana m'timibulu.

Apa ndi pamene maso amathera. Chithunzi chimasonyeza gulu, koma kawirikawiri sichisonyeza mtundu. Mtundu wa khungu sungadaliridwe, popeza Paragorgia arborea amatha kukhala wofiira kapena woyera, ndipo mitundu ina ya Paragorgia imakhalanso chimodzimodzi. Kukula nakonso sikungadaliridwe, chifukwa korali wamng'ono wa mtundu waukulu amafanana ndi korali wokhwima wa mtundu waung'ono. Kunenepa kwa nthambi kumasinthanso malinga ndi mphamvu ya madzi. Mwachitsanzo, mu Atlantic mulinso Paragorgia johnsoni, amene John Edward Gray anamutchula mu 1862. Nthambi zake ndi zowonda, koma pa kanema wojambulidwa patali n'zosavuta kumusokoneza ndi Paragorgia arborea wamng'ono. Pa chifukwa chimenechi akatswiri osamala amangolemba kuti Paragorgia sp. ngati alibe chitsanzo m'manja, kutanthauza kuti gulu ladziwika koma mtundu sunatsimikizike.

Gawo lachiwiri ndi la timinga. Katswiri amadula tizidutswa tating'ono kuchokera ku malo osiyanasiyana: pakhungu la kunja, mkati mwa nthambi, ndi m'timanja ta polipi. Kachidutswa kalikonse amakaika padera m'madzi a bulichi, ofanana ndi ochapira aja amene ambiri amati jiki. Bulichi amasungunula mnofu n'kusiya timinga ta laimu tokhatokha. Kenako amatitsuka ndi madzi oyera kangapo, kutiumitsa, n'kutiika pa maikulosikopu. Kupatula zigawozi n'kofunika, chifukwa chigawo chilichonse chili ndi timinga ta mpangidwe wakewake, ndipo tikasakanikirana sitingathandizenso.

Mkati mwa nthambi muli timinga tatitali, tosongoka mbali zonse ziwiri, tokhala ndi timfundo m'mbali. Pakhungu la kunja pali timinga tatifupi kwambiri, tosafika gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, tokhala ndi timitu totuluka mozungulira. Timinga ta pakhunguti ndi tomwe timasiyanitsa mitundu. Katswiri amawerenga timituto, kuona ngati tili 6, 7 kapena 8, amayeza kutalika kwake, ndi kuona ngati timitu ndi tosalala, tozungulira kapena tokhala ndi timizere. Pa Paragorgia arborea, tambiri timakhala ndi timitu 6. Maikulosikopu wamba amaonetsa kuchuluka kwa timitu, koma zokongoletsa za pamwamba pake zimaoneka bwino pa maikulosikopu a ma elekitironi.

Ndi njira imeneyi Juan Armando Sánchez wa ku Colombia anasanthula makorali a gululi osungidwa m'mamyuziyamu, ndipo mu 2005 anasindikiza zotsatira zake m'magazini ya Zootaxa. Anapeza kuti gululi linali ndi mitundu yambiri kuposa mmene anthu ankaganizira. Kuchokera ku New Zealand anatchula mitundu yatsopano monga Paragorgia whero, Paragorgia maunga, Paragorgia wahine ndi Paragorgia aotearoa, mayina ochokera ku chilankhulo cha Chimaori. Whero ndi kufiira, maunga ndi phiri, wahine ndi mkazi, ndipo Aotearoa ndi dzina la Chimaori la dziko la New Zealand. Kuchokera kum'mawa kwa Pacific anatchula Paragorgia stephencairnsi, Paragorgia yutlinux ndi Paragorgia tapachtli.

Gawo lachitatu ndi la DNA. Pa nyama zambiri, monga nsomba ndi tizilombo, kuwerenga jini imodzi yotchedwa COI kumakwana kudziwa mtundu. Pa makorali njirayi sigwira bwino, chifukwa DNA ya m'tizigawo ta selo totchedwa mitochondria imasintha pang'onopang'ono kwambiri mwa iwo. Mitundu iwiri yosiyana imatha kukhala ndi COI yofanana ndendende. Akatswiri amawonjezerapo jini ina yotchedwa mtMutS, yomwe imapezeka mu mitochondria ya Octocorallia, koma nayonso siisiyanitsa mitundu yonse yoyandikana.

Mu 2012, Santiago Herrera, Timothy Shank ndi Sánchez anayerekezera DNA ya makorali ochokera kunyanja zosiyanasiyana. Anapeza kuti a kumpoto kwa Pacific, a kummwera kwa dziko ndi a kumpoto kwa Atlantic ndi achibale enieni, ndipo zikuoneka kuti mzere wawo unayambira kumpoto kwa Pacific, n'kufalikira kummwera, kenako n'kukwera mu Atlantic. Mu 2016 Herrera ndi Shank anabwereza ntchitoyi ndi njira yatsopano yotchedwa RAD sequencing, yomwe imawerenga malo masauzande ambiri mu DNA nthawi imodzi. Zotsatira zinasonyeza kuti malire ena a mitundu omwe anaikidwa potengera maonekedwe anali olakwika. A kumpoto kwa Pacific anaoneka kuti ndi osiyana mokwanira, ndipo dzina la Paragorgia pacifica, lomwe Addison Emery Verrill anapereka mu 1922 kwa korali wa ku British Columbia, linabwezeretsedwa. Anatchulanso mtundu watsopano, Paragorgia jamesi. Zimenezi zikutanthauza kuti zithunzi ndi malipoti ambiri akale a ku Alaska ndi ku California olembedwa kuti Paragorgia arborea ayenera kuwerengedwa mosamala.

Kuti magawo onse atatu atheke, chitsanzo chiyenera kusungidwa bwino. Chimajambulidwa chili chamoyo, amalemba malo ndi kuya kumene chatengedwa, ndipo kachidutswa kena amakasunga mu ethanol kapena kukaumitsa ndi chisanu. Mankhwala a formalin amasunga bwino mnofu koma amaononga DNA, ndipo akakhala ndi asidi amadya timinga ta laimu.

Zamoyo zimene zimadalira korali ameneyu

Pansi pa nyanja yakuya malo ambiri ndi a matope athyathyathya, opanda pobisala. Korali wamtali amakhala ngati mtengo m'dambo: zamoyo zina zimakwerapo, zina zimabisalamo. Nyama yonga nyenyezi yotchedwa Gorgonocephalus, yomwe ili ndi mikono yogawanikagawanika, imakwera panthambi zapamwamba kuti ifike pamene madzi akuyenda mwamphamvu. Tinkhanu tating'ono ta mitundu yosiyanasiyana timakhala pakati pa nthambi. Nsomba zofiira za gulu la Sebastes zimaonekanso kawirikawiri zitaima pafupi ndi makorali.

Lene Buhl-Mortensen ndi Pål Mortensen a ku Norway anafufuza zamoyo zokhala pa makorali a kum'mawa kwa Canada. Mu 2004 anatchula kanyama katsopano, Gorgonophilus canadensis, komwe kamakhala mkati mwa thupi la Paragorgia arborea m'timatumba tomwe korali amapanga mozungulira iko. Mu 2005 analemba kuti anapeza mitundu yoposa 100 ya nyama pa Paragorgia arborea ndi Primnoa resedaeformis pamodzi, ndipo yambiri inali pa Primnoa. Chifukwa chimodzi n'chakuti Primnoa amakhala ndi mafupa akufa oonekera pomwe zamoyo zina zingamate, pamene Paragorgia ndi wokutidwa ndi mnofu wamoyo paliponse.

Zoopseza ndi chitetezo

Choopsa chachikulu ndi usodzi wa makoka okokedwa pansi pa nyanja. Makoka amenewa ali ndi zitseko zolemera za chitsulo ndi maunyolo omwe amakhula pansi. Korali wamtali komanso wothyoka msanga sangapirire, ndipo amene wagwetsedwa sadzukanso. Zingwe zazitali za mbedza nazo zimakola nthambi n'kuzithyola pozikoka. Asodzi a ku Nova Scotia ankadziwa makoraliwa kalekale ndipo ankangowatcha mitengo. Iwo anali m'gulu la anthu oyamba kuchenjeza kuti mitengoyo ikuchepa m'malo awo osodzera. Popeza korali amakula sentimita imodzi kapena awiri pachaka, zimene khoka laononga m'mphindi zochepa sizingabwerere m'moyo wa munthu mmodzi.

Zoopseza zina ndi matope ochokera ku ntchito yokumba mafuta ndi gasi, omwe amakwirira mapolipi, kutentha kwa madzi a m'nyanja, ndi kuchuluka kwa asidi m'nyanja chifukwa cha mpweya wa carbon dioxide, zomwe zimavutitsa zamoyo zomanga matupi ndi laimu.

Mayiko angapo akhazikitsa malamulo. Mu 2002 Canada inakhazikitsa malo otetezera makorali mu Northeast Channel, a makilomita 424 m'bwalo lake, makamaka chifukwa cha Paragorgia arborea ndi Primnoa resedaeformis. Mu 2004 The Gully analengezedwa kukhala malo otetezedwa. Mu December 2006 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza chigamulo 61/105, chopempha mayiko kuti ateteze malo osalimba a pansi pa nyanja ku usodzi wa makoka apansi. Mu 2008 phiri la pansi pa nyanja la Davidson, lomwe lili ndi makorali akuluakulu a Paragorgia, linaphatikizidwa ku malo otetezedwa a Monterey Bay ku California. Mu 2010 New Zealand inawonjezera makorali a mtundu umenewu pa mndandanda wa zamoyo zotetezedwa ndi lamulo lake la nyama zakutchire la 1953. Mu September 2016 Purezidenti Barack Obama anakhazikitsa malo otetezedwa a Northeast Canyons and Seamounts kum'mawa kwa United States.

Malamulo onsewa amadalira kuzindikira kolondola. M'madera ambiri a usodzi wa m'madzi akuya, sitima imanyamula munthu woyang'anira amene amalemba makorali okodwa m'khoka pogwiritsa ntchito buku la zithunzi, ndipo akachuluka kupyola mlingo woikidwa, sitima imayenera kuchoka pamalopo. Zolemba zimenezi ndi zomwe zimapanga mapu osonyeza kumene makorali ali. Ngati makorali onse akuluakulu a timibulu alembedwa ndi dzina limodzi la Paragorgia arborea, amaoneka ngati mtundu wofala padziko lonse, umene sungathe msanga. Koma ngati pakati pawo pali mitundu ina yopezeka pamapiri ochepa okha, kuonongeka kwa phiri limodzi kungathe kutha gawo lalikulu la mtundu wonse, usanadziwike n'komwe. N'chifukwa chake oyang'anira amalimbikitsidwa kujambula korali aliyense ndi kusunga kachidutswa kake kuti akatswiri a pamtunda akatsimikize mtundu wake.